Kashopu ka mabuku a kaunjika ku Mzuzu komwe ndinapeza Jung ndi Frankl

Ku Mzuzu kuno ukafuna buku la sukulu kapena la mapemphero suvutika ayi, Baibulo la Chichewa lilipo, la Chitumbuka lilipo, mabuku a nyimbo, a MSCE, ungolowa mtauni wapeza. Koma tayesani kufunsa buku lokamba za maloto, kapena lokamba za chomwe chimachititsa kuti munthu oti ali pa ntchito, banja lilipo, ana akudya, adzuke m'mawa n'kumamva kuti mkati mwake muli pululu, ogulitsa amangokuyang'ana kenako n'kukutulutsira buku la mmene ungalemerere msanga. Nde ndati ndilembe za kashopu kena ka mabuku a kaunjika komwe ndakhala ndikugulako chaka chino, komanso mabuku atatu omwe ndinatengako, chifukwa ndikudziwa kuti tilipo ambiri ofuna zoterezi koma kolowera sitikudziwa.

Kashopuka kali chakufupi ndi msika waukulu, mbali yopita ku depoti, ndipo kalibe chikwangwani, mungokazindikira ndi makatoni a mabuku omwe amayalidwa pakhonde dzuwa likawala. Mkati ndi mopanikiza, anthu atatu mwadzaza, mashelefu ndi a matabwa a paini osapala n'komwe, ndipo mabuku ambiri ndi omwe mukuwadziwa kale aja, manovelo achikondi, mabuku akale a unamwino, a akaunti, magazini a zaka za m'mbuyo. Ambiri amachita kuoneka kuti achokera kunja, ena mkati muli chidindo cha laibulale ya ku UK kapena ku America komwe anawachotsa. Koma kumbuyo kwenikweni, pansi pomwe umachita kugwada kuti uone, pali shelefu imodzi yomwe anamatapo kapepala kolemba pamanja kuti Psychology, ndipo shelefu imeneyo ndi yomwe imandibweza kumeneko. Paja kuno buku si chinthu chamasewera, tonse tikukumbuka mu December 2015 laibulale ya ku yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) itapsa, mabuku pafupifupi 45,000 anathera pamoto, nde ukapeza munthu amene akusunga shelefu ngati imeneyi mtauni muno umayenera kumuyamikira.

Mwini wake ndi bambo wachikulire, anali mphunzitsi, aliyense amangoti adada nde nanenso ndimatero. Chomwe chimawasiyanitsa ndi ogulitsa ena n'choti katundu wawo amamuwerenga. Nditafika koyamba ndinangoti, "Adada, muli nalo buku la maloto?" Iwo anavula magalasi n'kundifunsa kuti, "La maloto lake liti amama? Lokuuzani kuti mukalota njoka ndiye kuti muli ndi mdani, kapena lofuna kuti muganize nokha? Loyambalo ndi lotchipa ndipo mumaliza lero lomwe. Linalo likutengerani miyezi." Nditati ndikufuna linalo anagwada okha, n'kusolola mabuku awiri, anawapukuta ndi kansalu kenako anandikhazika pa benchi nati ndiwerenge kaye masamba angapo ndisanatulutse ndalama, kuopa kuti ndingakawadandaule kunyumba. Ali ndi kope la hadikava momwe amalemba dzina la buku lomwe ukufuna ndi nambala yako, likapezeka m'katoni yatsopano amakuimbira, ndipo amaimbadi, ine buku lachitatu ndinalipeza chonchi. Amalandira Airtel Money ndi Mpamba, ndipo ukamaliza buku utha kulibweza n'kuonjezera pang'ono n'kutenga lina. Mabuku atatu onsewa pamodzi sanafike ndalama yomwe ndikanalipira buku limodzi latsopano loitanitsa ku Joni.

Koma zovuta zilipo ndipo sindibisa. Choyamba ndi chinyontho. Mukuidziwa Mzuzu mmene imakhalira mvula ikayamba, komanso June ndi July kukachita chifunga tsiku lonse, nde shelefu yathu ija ili pansi penipeni pafupi ndi simenti, mabuku ena amera nkhungu, masamba amamatirirana ndipo fungo lake munthu wa asima sangakhalitsemo. Ndinawauza adada kuti bwanji osaikweza m'mwamba, iwo akuti m'mwamba ndi mwa mabuku othamanga, a sukulu aja, zomwe ndi zomveka pa bizinesi koma zimandipweteka kuona buku labwino likuola. Chachiwiri, pakati pa mabuku enieni pamasakanikirana a fotokope omwe anangowamata chikuto chokongola, ndipo pa amenewo pena masamba amadumpha, ukuwerenga tsamba 88 kenako wafika 105. Adada ukawafunsa amanena zoona kuti ili ndi la fotokope, koma ukapanda kufunsa sanena, ndipo akakhala kuti achokapo asiya mnyamata wowathandiza, iyeyo sadziwa n'komwe kusiyana kwake. Mitengo sinalembedwe pa mabuku, lisiti kulibe, ndipo nthawi yotsegulira ndi yosadalirika, utha kukwera kabaza kuchokera ku Chibavi kapena Luwinga n'kukapeza loko pachitseko. Magetsi akazima kumbuyo kuja ndi mdima, umayatsa tochi ya pafoni.

Tsopano mabuku. Ngati simunawerengepo zoterezi yambani ndi Man's Search for Meaning la Viktor Frankl, ndi lopyapyala ndipo Chingerezi chake munthu wa Form 4 atha kuchimva. Frankl anali dokotala wa matenda a maganizo wa ku Vienna, Myuda, anabadwa mu 1905 n'kumwalira mu 1997. Mu 1942 a Nazi, anthu a Hitler aja, anamutenga ndi banja lake kupita ku ndende ya Theresienstadt, mu 1944 anamupititsa ku Auschwitz kenako ku ndende zina za pansi pa Dachau, anamasulidwa mu April 1945 koma mkazi wake, makolo ake ndi mchimwene wake onse anafa. Bukuli linatuluka mu 1946. Gawo loyamba akufotokoza moyo wa mundendemo, njala, kuzizira, kumenyedwa, ndipo sakukometsera kapena kufuna kuti umumvere chisoni, akungofotokoza ngati dokotala amene akuonetsetsa chomwe chikuchitika m'mitima ya anthu. Pali pena pomwe akunena kuti pakati pa Khrisimasi ya 1944 ndi chaka chatsopano anthu anafa ambiri kuposa kale, osati chifukwa chakudya chinachepa kapena ntchito inakula, koma chifukwa ambiri anadziuza kuti pofika Khrisimasi akhala ali kwawo, tsikulo litadutsa mtima unagwa, thupi nalo linatsatira. Iye mwini anali ndi buku lomwe analemba n'kulisokerera mu jasi, anamulanda ku Auschwitz, nde anayamba kulilembanso pa timapepala tomwe ankatola, ngakhale nthawi yomwe ankadwala typhus, ndipo akuti zimenezo zinamuthandiza kukhala ndi moyo.

Gawo lachiwiri ndi la njira yake yothandizira odwala yomwe anaitcha logotherapy. Mfundo yake ndi yoti chomwe munthu amafunitsitsa si zosangalatsa kapena mphamvu koma kuti moyo wake ukhale ndi tanthauzo, ndipo tanthauzolo limapezeka mu ntchito yomwe ukugwira, mwa munthu yemwe ukumukonda, komanso m'mene ukulandirira mavuto omwe sungathe kuwasintha. Ndipo amanenetsa kuti mavuto oti ungawachotse uwachotse, kuvutika mwadala si ungwazi, zimenezi ndinazikonda chifukwa kuno amayi ambiri timauzidwa kuti banja n'kupirira olo pomwe munthu akumenyedwa. Nkhani yomwe inandigwira kwambiri ndi ya dokotala wina wokalamba amene anapita kwa Frankl atafooka ndi chisoni patatha zaka ziwiri mkazi wake atamwalira. Frankl sanamulangize zambiri, anangomufunsa kuti zikanakhala bwanji akanayamba kufa ndi iyeyo mkazi n'kutsala. Mkuluyo anati mkaziyo akanavutika koopsa. Frankl anamuonetsa kuti ndiye kuti ululu umenewo wausenza iyeyo m'malo mwa mkazi wake. Buku limeneli ndinabwereka mayi wina wa ku kwaya kwathu amene anataya amuna awo chaka chatha, sanandiuze zambiri, anangondifunsa ngati angakhale nalo kaye mwezi wina.

Lachiwiri ndi lomwe ndikufuna kukhalapo nthawi, Man and His Symbols la Carl Jung ndi anzake anayi, linatuluka mu 1964. Jung anali wa ku Switzerland, mwana wa m'busa, anabadwa mu 1875, anagwira ntchito pa chipatala cha amisala cha Burghölzli ku Zurich kuyambira 1900. Anali mnzake wapamtima wa Sigmund Freud, katswiri wina wotchuka wa matenda a maganizo, kuyambira pomwe anakumana ku Vienna mu 1907, koma pofika 1913 anasiyana, chimodzi mwa zifukwa n'choti Freud ankaona kuti pansi pa maloto ndi matenda ambiri a maganizo pali chilakolako chogonana chomwe chaponderezedwa, pomwe Jung ankati mkati mwa munthu muli zambiri kuposa pamenepo. Bukuli analembera anthu wamba ngati ife. Mbiri yake ndi yoti atamufunsa mafunso pa BBC mu 1959 anthu anamupempha kuti alembe buku losavuta, iye anakana, kenako analota akulankhula pabwalo kwa chinamtindi cha anthu ndipo anthuwo akumumva, atadzuka anavomera. Gawo lake analimaliza kutatsala masiku ochepa kuti adwale matenda omwe anafa nawo mu 1961.

Chifukwa chomwe ndikuti Mmalawi aliwerenge ndi ichi. Kwathu kuno loto timalitengera malo awiri basi. Ukalota ukudya nyama agogo akuuza kuti afiti akukudyetsa usiku, ukapita ku mapemphero ena akuuza kuti ndi chiwanda tiyeni tisale kudya. Ukalota uli ku pulaimale wavala yunifolomu ukulemba mayeso amati ndi mzimu wokubweza m'mbuyo, pali wina wakumanga. Njira zonse ziwirizi zimaloza kunja, kwa munthu wina, ndipo tikudziwa komwe chala chimenecho chimakathera nthawi zambiri, pa gogo wina kumudzi kapena azakhali omwe sanalakwe kanthu, mesa timamva pa wailesi okalamba akumenyedwa, kuotcheredwa nyumba, ena kuphedwa kumene chifukwa wina walota. Ine ndimapemphera ndipo sindikunyoza pemphero la munthu. Koma Jung akubweretsa njira yachitatu yomwe palibe anandiuzapo kuyambira ndili mwana, yoti loto limachokera mwa iwe ndipo likukamba za iwe. Akuti pansi pa maganizo omwe timawadziwa pali mbali ina yaikulu yobisika, yomwe amati unconscious, ndipo masana tikapendekera mbali imodzi kwambiri, usiku mbali yobisikayo imatumiza loto kuti itiwongole. Wodzikweza amalota akugwa, wodzinyoza amalota zomukweza. Ndipo amakaniratu zoti pangakhale dikishonale ya maloto, njoka ya mu loto langa si njoka ya mu loto lanu, umayenera kufunsa wolotayo kuti njokayo ikumukumbutsa chiyani, inali kuti, anamva bwanji. Akufotokozanso za bambo wina amene anali m'zochita zosalongosoka n'kumakonda kukwera mapiri oopsa, analota akuponda m'malere kuchokera pansonga ya phiri, Jung anamuchenjeza koma sanamve, patatha miyezi 6 anagwadi n'kufa. Kuno tikanati ulosi kapena amulodza, Jung akuti mbali yobisika ija inali itaona kale komwe khalidwe lake likumupititsa.

Ine loto la mayeso lija linkandivutitsa chaka chatha, limabwerabwera. Ndili mkalasi ya Standard 8, aliyense akulemba, pensulo yanga ikungothyoka, ndikasongola ikuthyokanso, ndipo woyang'anira mayeso waima pambali panga sakulankhula. Ndimadzuka mtima ukugunda. Nditawerenga gawo la Jung ndinaika kope ndi cholembera pafupi ndi bedi, ndikadzuka ndilembe ndisanagwire foni ndisanayatse mbaula, chifukwa ukangoyamba zina loto limathawa. Kenako ndinadzifunsa mmene bukulo likunenera, kuti pa moyo wanga pano ndi pati pomwe ndikumva ngati ndikuyesedwa. Yankho silinachedwe. Inali nthawi yomwe anandipatsa udindo woyang'anira anzanga kuntchito, ena mwa iwo akuluakulu kwa ine, masana ndimaoneka wolimba ndimaseka ndi aliyense koma mumtima ndinali ndi mantha oti tsiku lina aona kuti sindikukwanitsa. Nditazindikira zimenezo ndinapita kwa amene anali paudindowo ine ndisanabwere n'kuwapempha kuti azindiongolera, ndipo lotolo linayamba kubwera patalipatali. Palibe wachibale amene ndinamuganizira zoipa, ndipo kwa ine chimenecho chokha chinakwana mtengo wa bukulo.

Mfundo ina yomwe imaluma ndi ya chithunzithunzi, shadow mu Chingerezi chawocho. Akuti aliyense ali ndi makhalidwe omwe safuna kuvomereza kuti ali nawo, nsanje, umbombo, kufuna kutamandidwa, mkwiyo, nde amawakankhira kumdima, koma sachoka, m'malo mwake timayamba kuwaona mwa anthu ena. Munthu amene amakunyansa mopitirira muyezo, oti akangolowa mu ofesi kapena akangoimirira mu tchalitchi magazi ako awira chonsecho sanakulakwire chachikulu, kawirikawiri wanyamula kanthu kako komwe sufuna kukaona. Makolo athu anazidziwa kale pomwe ankati anyani amasekana zikundu, koma chomwe bukuli likuonjezera n'choti likukuuza chochita, kuti ubweze chalacho udzifunse, ndiponso kuti mumdimamo simukhala zoipa zokhazokha, mumakhalanso luso ndi kulimba mtima komwe kunaponderezedwa uli mwana chifukwa anakuuza kuti mwana wamkazi satero. Gawo limeneli analemba ndi Marie-Louise von Franz ndipo kwa ine ndi lomwe lili lokoma kuposa onse.

Za ma archetype zomwe anthu amazitchula kwambiri zija zilinso momwemu. Jung ankati kupatula zobisika za munthu payekha, pali zina zomwe anthu tonse timabadwa nazo, ngati zikombole zomwe zimatulutsa anthu ofanana m'nthano, m'maloto ndi m'zipembedzo za mitundu yoti sinakumanepo, mayi wobereka ndi kulera, nkhalamba yanzeru, ngwazi yopita kutali n'kubwerako itasintha, ndi tambwali wochenjera. Pomwe ndinachita kudzuka pampando ndi mu gawo la Joseph Henderson pomwe akufotokoza nthano za a Winnebago a ku North America, muli tambwali, ndipo mulinso Kalulu, eee Kalulu weniweni ngati ngwazi ya nthano. Ndinakumbuka agogo akutiuza za Kalulu wokana kukumba nawo chitsime koma madzi n'kumamwa, Kalulu wopusitsa Njovu ndi Mvuu kuti azikokana chingwe, ndipo ku Ghana ntchito yomweyo amagwira ndi kangaude Anansi. Nde umayamba kuona kuti nthano zija sizinali zongogonetsera ana, zimatiphunzitsa za kambali kena ka mtima wathu komwe kamafuna kudya osalima, komwe timakadzudzula koma tikamamva nthanoyo timakasekerera. Ndinenenso kuti akatswiri ambiri a psychology masiku ano savomereza kuti zimenezi timabadwa nazo mmene Jung ankanenera, chifukwa ndi zovuta kuziyesa mwa sayansi, nde muzitenge ngati njira yoonera zinthu osati ngati lamulo.

Vuto la bukuli ndi kulemera. Chingerezi chake chimafuna dikishonale pambali, zitsanzo zambiri ndi za Agiriki, za zojambula za ku Ulaya ndi za alchemy, luso lakale loyesa kusandutsa zitsulo kukhala golide, zomwe ife sitinakule nazo, ndipo gawo la Aniela Jaffé la zojambulajambula ndinangolidutsa mothamanga. Komanso limadalira zithunzi kwambiri, lomwe ndinapeza ine ndi laling'ono la m'thumba lija, zithunzi zake ndi zakuda ndi zoyera tating'onoting'ono, pena akufotokoza mtundu wofiira iwe ukungoona mdima. La fotokope la buku limeneli musagule olo litchipe bwanji, ndinaliona pashelefu pomwepo, zithunzi zonse zangokhala bii.

Buku lachitatu, Memories, Dreams, Reflections, ndi mbiri ya moyo wa Jung yomwe anafotokozera Aniela Jaffé ali wokalamba, linatuluka mu 1962 iye atamwalira kale. Mitu yoyambirira ndi yokoma zedi, mwana wa m'busa amene akuona bambo ake akulalikira zomwe mumtima akulimbana nazo, tsiku lake loyamba kulandira mgonero lomwe analiyembekezera kwambiri koma osamva kanthu, kachidole komwe anasema n'kukabisa kudenga osauza munthu. Aliyense amene anakulira m'nyumba ya abusa kapena ya mkulu wa mpingo adzipezamo. Akufotokozanso zaka zovuta atasiyana ndi Freud, pomwe munthu wamkulu, dokotala wodziwika, ankapita m'mphepete mwa nyanja kukamanga tinyumba ta miyala ngati mwana pofuna kuti mutu ukhazikike, ndipo zomwe ankalemba ndi kujambula nthawi imeneyo ndi zomwe zinadzatuluka mu 2009 ngati The Red Book.

Koma mutu wa ulendo wake wa ku Africa unandiwawa, ndipo ndikufuna mudziwiretu musanagule. Mu 1925 anafika ku Mombasa, anakwera sitima mpaka Nairobi, anakakhala kwa anthu a pa phiri la Elgon m'malire a Kenya ndi Uganda, kenako anatsika ndi Nile mpaka ku Egypt. Muli zinthu zina zogwira mtima, monga sing'anga wachikulire amene anamuuza kuti chibwerere azungu iwo sakulotanso maloto otsogolera mtundu, chifukwa tsopano zonse akudziwa ndi Angerezi. Pamenepo ndinaima kaye, chifukwa ndi nkhani yathunso. Koma Jung yemweyo anthu akudafe amatitchula kuti primitive, amatiyang'ana ngati anthu otsalira amene tikukhala moyo womwe mzungu anaudutsa kalekale, chonsecho Chiswahili chomwe ankadziwa chinali chochepa ndipo anakhalako miyezi yowerengeka. Usiku wina ku Sudan anthu akuvina anachita mantha ndi ng'oma mpaka anayamba kuzunguza chikoti kuti gule athe. Analotanso wometa tsitsi wachikuda wa ku America akufuna kumupotanitsa tsitsi ndi chitsulo chamoto, iye n'kumasulira kuti ndi chenjezo loti asasanduke wakuda mumtima. Munthu amene anatiphunzitsa za kuona mdima wako mwa anthu ena, apa akuchita zomwezo ndi ife ndipo sakuziona. Ine ndikukhala kumpoto kuno komwe kuli vimbuza, komwe ku Rumphi ndi ku Mzimba munthu wosweka mtima amamuimbira ng'oma usiku, abale ndi anansi akuomba m'manja, mpaka zomwe zili mkati zituluke kudzera mu gule ndi nyimbo, ndipo nchimi zambiri zimanena kuti ntchitoyo zinaitanidwa kudzera m'maloto. UNESCO inazindikira vimbuza mu 2005 pamodzi ndi gule wamkulu. Anthu amenewa ankadziwa kuti mtima umadwala ndipo umalankhula kudzera m'zizindikiro Jung asanabadwe, akanakhala pansi n'kuwafunsa ngati akatswiri anzake akanaphunzira zambiri. Sindikuti bukulo litayidwe, ndaphunziramo zambiri ndipo ndidzaliwerenganso, koma mutu umenewo muuwerenge maso ali tseguu. Nditawauza adada zimenezi anangogwedeza mutu nati, "Ndimadikira kuti muzifike pamenepo amama, ena amalibweza akafika mutu umenewo."

Pashelefu pomwepo panalinso The Hero with a Thousand Faces la Joseph Campbell la 1949, ndinaliwerengako pa benchi paja koma ndinalisiya kaye, ndi lodzaza nthano za mitundu yambirimbiri moti usanazolowere umasokera. Palinso timabuku tina tatsopano tokhala ndi mafunso oti uchonge kenako akuuze kuti iwe ndiwe mfumukazi kapena wankhondo, timeneto ndi kutaya ndalama, tangobwereka mawu a Jung koma mkati mulibe kanthu, ndipo chinthu chomwe iye ankati chimatenga moyo wonse, kuti munthu akhale wathunthu, itoto tikulonjeza kuti uchipeza pa wikendi imodzi.

Chinthu chimodzi chomwe ndikupempha ndi mtima wonse. Mabuku amenewa si mankhwala. Ngati simukugona, simukudya, mwasiya kusamba ndi kucheza ndi anthu, mukumva mawu omwe ena sakumva, kapena maganizo ofuna kudzipha akubwera, musakhale m'chipinda nokha ndi Jung kumasanthula maloto, zitha kukulowetsani pansi kwambiri, iye mwini ankachenjeza kuti kukumba mkati mopanda wokugwira dzanja ndi koopsa kwa munthu amene wafooka kale. Ife a ku Mzuzu tili ndi mwayi womwe maboma ambiri alibe, a St John of God ali konkuno ndipo ntchito yawo ndi imeneyi, uphungu, matenda a maganizo, mavuto a mowa ndi chamba. Pitani kumeneko kapena ku chipatala chomwe muli nacho pafupi, mabukuwa muwerenga mukapezako bwino. Makamaka abambo ndi anyamata, inu amene mumangoti ndili bho mpaka zinthu zitafika poipa.

Kwa amene mupiteko, pitani m'mawa pakati pa sabata, Loweruka kumadzaza makolo ofuna mabuku a sukulu ndipo adada sapeza mpata wocheza nanu, komanso funsani ngati alipo okha osati mnyamata uja. Buku lililonse litseguleni muone manambala a masamba kuyambira koyamba mpaka kumapeto, linunkhizeni, yang'anani ngati ndi la fotokope, ndipo mtengo nenererani mwaulemu amatsitsa makamaka mukatenga awiri. Tengani jumbo yokulungira nthawi ya mvula. Mukafika kunyumba liyanikeni pamphepo masamba ali otsegula, osati padzuwa lamphamvu chifukwa guluu wake amasungunuka masamba n'kuyamba kuthothoka. La Frankl limabwera pafupipafupi koma silichedwa kutha, a Jung amabwera mwa apo ndi apo nde lembetsani dzina mu hadikava muja. Ine ndalembetsa la von Franz lomasulira nthano, ndikufuna ndidzaliyese pa nthano za Kalulu ndi Fisi zomwe ndikuzikumbuka, ndipo adada akuti katoni ina ikuyembekezeka kumapeto kwa mwezi.